Msuweni Hamilton ndi Galimoto ya Zipsepse

South Bend, Indiana
14 Ogasiti

Achimwene anga a Sosten,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino kumeneko ku Ndirande. Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma mtima ukuwira.

Paja ndinakuuzani za galimoto ya 1956 imene abwana anga a kugaraja anaitola m'khola la ng'ombe. Inapangidwa imodzi yokha, yongoonetsa anthu mmene galimoto zam'tsogolo zidzaonekere: kumbuyo zipsepse ngati ndege, denga lagalasi ngati beseni lovundikira, zitseko palibe. Munthu amalowa potukula dengalo. Inabwera ili dzimbiri lokhalokha. Zaka ziwiri ndakhala ndikuisula ndi nyundo monga anatiphunzitsira abambo, ndikuonera pa chithunzi chimodzi chofwifwa.

Tsono msuweni wathu Hamilton, amene ndinamusunga m'nyumba mwanga miyezi isanu ndi kumupezera ntchito yopukuta magalimoto, ndiye wandidya. Abwana anamutuma kukalembetsa galimotoyo kuchionetsero cha magalimoto cha ku Speedway. Nditafika Loweruka ndinapeza pachikwangwani palembedwa kuti woikonza ndi iyeyo. Ndili chiimire pomwepo, anauza atolankhani kuti ine ndinkangomupatsira masipanala. 

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Oweruza a chionetserocho anapempha Hamilton kuti awaonetse mmene denga limagwirira ntchito. Analowa monyada n'kudzitsekera. Kutsegula kunamukanika, chifukwa kawaya kake ndinakabisa pansi pa mpando ndipo amakadziwa ndine ndekha. Dzuwa linali lakuswa mtengo. Thukuta linamuyenderera, tayi anavula, akumenya galasi n'kumaitana dzina langa. Ine ndinangopinda manja. Mkazi wanga Pamela anandinong'oneza kuti ndimumvere chisoni, ndinamuyankha kuti wopatsira masipanala sadziwa zotsegula madenga. Mpaka Hamilton anakuwa anthu onse akumva kuti galimotoyo ndinaikonza ndine, m'pamene ndinamulozera kawayako.

Musaganize kuti zathera pomwepo. Abwana akufuna tigwirane chanza, ndakana. Kutchalitchi akufuna kutiyanjanitsa, ndawauza kuti adikire. Ndamva kuti anatumiza kale chithunzi chake kwa azakhali a Lucia, ndipo iwo akuyenda nacho mumsika kutama mwana wawo injiniya.

Pempho langa ndi limodzi. Lamlungu likubwerali, abale akasonkhana kwa azakhali, mukawerenge kalatayi mokweza. Musadumphe mzere, ngakhale wa thukuta uja. Azakhali akalira, dikirani atonthole, kenako mupitirize.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu anga ndi ana onse, komanso amalume ku Chirimba. Kwa azakhali mupereke moni mukatha kuwerenga, osati musanayambe.

Ndine mng'ono wanu,
Kenan