Cholembera chofiira

Lolemba, 3 Malichi

Masiku amene Chitsiriza wakhala osaona msambo: 71
Kulemera kwake: makilogalamu 84 (mu Januwale, 87)
Masipuni a shuga mu tiyi: 1 (kale 3)
Mapazi kuchoka kwanga kukafika kwake: 640
Kundiimbira foni sabata yatha: 0
Kuyenda m'mawa ndi apongozi ake: 5

Ziwerengero sizinama. Mwana ndinabereka ine, kuchipatala ndinamuperekeza ine. Dokotala atanena kuti ndi PCOS, vuto la m'matumba a mazira limene limasokoneza msambo, ndinalemba malangizo onse asanu ndi awiri: achepetse shuga ndi buledi woyera, achulutse masamba, nyemba ndi mazira, aziyenda mphindi 30, azigona mokwanira, ndi ena. Asewere anga, apongozi akewo, sanalembe ngakhale chilembo chimodzi. Lero woyenda naye ndi iwo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Iye ndi apongozi ake adutsa pa geti langa 6:12. Aseka kanayi. Choseketsa n'chiyani m'mamawa wotero?

Lachitatu, 5 Malichi

Ndapita kukamuona. Sikelo ya chakudya imene ndinamupatsa ili pamwamba pa kabati, fumbi lili mbuu. Pepala langa la sabata yatha walichotsa pa filiji. Ndinalikonza bwino pepala lija: masiku, zakudya, mphindi zoyenda, ndipo pansi, ndi cholembera chofiira, 6/10, "Ukhoza kuposa apa." Zaka 34 ndaphunzitsa masamu, palibe mwana amene anandikwiyira chifukwa cha 6.

Ndafunsa za mabisiketi awiri amene anadya Lachisanu lija. Iye: "Amayi, tsitsi la pachibwano ndimazula ndekha m'mawa uliwonse, anthu amandifunsa za mwana tsiku lililonse. Nanunso muzindipatsa malikisi?"

Tiyi ndamwa theka. Pobwerera mapazi anali 655, kaya ndinayenda bwanji.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndakumana ndi asewere pogula masamba. "Asewere, mwasowatu! Mwana wathu uja akuyenda ngati msilikali."

Wathu. Anamudziwa zaka zinayi zapitazo, ine 31.

Ndawafunsa kuti amayenda mphindi zingati. Akuti, "Aa, timangopita mpaka nkhani itatha." Nanga shuga? "Ndinasiya nane, kuti asamwe tiyi wowawa yekha." Mayi ameneyu ankathira masipuni anayi, ndinawerenga pa ukwati. Ndagula kabichi wosafunika.

Lamlungu, 9 Malichi

Ndayesa tiyi wopanda shuga. Ngati madzi otsukira mbale. Ndamaliza kapu yonse.

Lachiwiri, 11 Malichi

Foni: 0.

Lachitatu, 12 Malichi

Wasamba! Dzulo, tsiku la 79. Ndamva kwa mkamwini, amene amayesa kuti ndikudziwa kale. Akuti zinayamba ali koyenda, asewere n'kumumanga juzi lawo m'chiuno, n'kubwerera naye kunyumba akuvina mumsewu. Ndayankha kuti zili bwino. Ndakondwa, Mulungu akudziwa kuti ndakondwa. Koma amene wawerenga masiku 79 amenewa, limodzi ndi limodzi, ndani? Ndipo wamva wachingati? Wachitatu. Mwinanso wachinayi, ngati wogulitsa masamba anaona kuvinako.

Lachinayi, 13 Malichi

Kugogoda 6:05. Onse awiri, nsapato zoyendera kumapazi. Chitsiriza akuyang'ana pansi ngati wobwera mochedwa m'kalasi.

Asewere ndiwo anayamba. "Asewere, tapulumutseni. Mawa dokotala akufuna masiku onse a miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndikuti tinayamba kuyenda mvula itagwa, uyu akuti ayi. Ngakhale za dzanazi, ndaiwala ngati linali Lolemba kapena Lachiwiri."

"Lachiwiri," ndinatero. "Pa 11."

Ndinatulutsa kabuku kamene ndimalembamo za Chitsiriza. Iye anatsegula, n'kuyamba kutembenuza masamba. Okutobala, Novembala, tsiku lililonse lilipo, ngakhale lija anadwala mutu osadya kanthu. Masamba amene anatembenuza, sindinawerenge.

Kenako: "Mawa mupite nane inuyo, Amayi. Kabukuka mutenge. Chofiira chija musiye."

Ndinati chofiira chimaoneka bwino. Asewere anaseka mpaka kugwira chitseko. "Valani nsapato, aphunzitsi, belu lalira!"

Ndinaika nyemba khumi m'thumba lamanja, kuti mapazi 100 aliwonse ndizisamutsa imodzi kupita kumanzere. Pa nyemba yachinayi asewere anayamba nkhani ya momwe mkamwini ankaopera nkhuku ali mwana. Pofika kunyumba ndapeza nyemba zisanu ndi imodzi zikadali kumanja.

Zalero, ndi cholembera chabuluu:

Tsiku la msambo: 3
Shuga mu tiyi, tonse atatu: 0
Mapazi: oposa 400, ena sindikudziwa
Kugwira mkono wa apongozi ake: 3
Kugwira mkono wanga: 2
Mawa kuchipatala, 8:30: iye ndi ine

Mayi Masamu