Sikelo ndi Tombolombo wa Bwana Chimimba

Lolemba, 8 Sepitembala 1958

Bwana Chimimba, injiniya wa fakitale yathu ya tiyi, amaliza chinthu chawo chija. Mpando wachitsulo, mateyala atatu a wilibala, pamwamba matabwa awiri aatali ozungulira ndi mphepo. Injini palibe, akuti chizikokedwa ndi galimoto pa chingwe mpaka chinyamuke. Iwo akuti jairo, anthu akuti tombolombo. Bwana akuti ku Amereka posachedwapa aliyense azipitira chimenechi ku ntchito. Ku Amerekako.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Anakwera okha pabwalo la mpira. Dixon dalaivala anathamangitsa galimoto, fumbi koboo, tombolombo osanyamuka ngakhale pang'ono. Mimba ija. Ndinaseka mpaka misozi. Ambuye ndikhululukireni, munailenga ndinu.

Lachitatu, 10 Sepitembala

Ayesa ndi thumba la tiyi. Lauluka ndithu! Kenaka lagwa, laphulika, tiyi mbwee bwalo lonse. Bwana akuti vuto n'lakuti thumba silidziwa kuwongolera. Pakufunika munthu, wopepuka kuposa onse. Mawa amuna tonse pa sikelo ya masamba, ndipo woyeza ndine, poti ndine kalaliki wake.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Anthu awa ndimawadziwa. Miyala imene amabisa pansi pa dengu la masamba, lero inali m'matumba a kabudula. Blackson wothyola tiyi anamwa madzi chidebe chonse, poyenda ankamveka ngati mtsuko. Ndinangoyang'ana kumbali. Woona mtima yekha ndi mlamu wanga Fabiano, mwamuna wa mlongo wanga Alesi: mapaundi 121.

Ine ndinakwera pomaliza. Muvi unaima pa 116. Bwana anali kuyatsa kaliwo wawo. Ndinalemba 126.

Ndaulula m'buku muno chifukwa kwina sindingathe. Ine Everson, mphunzitsi wa Sande sukulu.

Lachisanu, 12 Sepitembala

Fabiano akuyenda chifuwa patsogolo m'malayini onse a nyumba za antchito. "Alamu, muli ndi uthenga wa kwa angelo? Mawa ndikudutsa konko." Ndinati angelo ali ndi mapiko awoawo, sanabwereke kwa wilibala. Anaseka. Ine ayi.

Masana Alesi anabwera ku shedi ya sikelo, ndi pakati pake pa miyezi isanu ndi itatu. Sanalire. Anangoti, "Achimwene, inu amene mphepo imakugwetsani panjinga, mwalemera liti kuposa bambo akunyumba?" Ndinati sikelo sinama. Anati, "Sikeloyo ayi."

Ndapempherera mvula. Mu Sepitembala! Ndapemphereranso kuti Bwana atsegule m'mimba. Pemphero lachiwirili ndalibweza, koma osati ndi mtima wonse.

Loweruka, 13 Sepitembala

Kumwamba mbee. Bwana ali bwinobwino. Esiteti yonse ili pano, ena achokera ku Luchenza panjinga, amayi akugulitsa nthochi ngati kuli mpira.

Fabiano anabwera atavala tayi wobwereka. Akummanga lamba, ndinaona Alesi atagwira pamimba, maso ali pa ine, osati pa mwamuna wake. Pakamwa panga panatseguka pokha. "Bwana, ndinanama. Ine ndine 116."

Ndinkayembekeza kuchotsedwa ntchito. Kunena zoona, ndinkalakalaka zimenezo. Bwana anangowomba m'manja. "Mapaundi asanu! Gudu, gudu! Fabiano tsika. Kalaliki khala."

Ndakhala. Galimoto yakana kulira, akuikankha, n'chifukwa chake ndapeza mpata wolemba. Fabiano akunditukwana m'Chilomwe, akuti ndine wanjiru, ndamulanda kumwamba. Alesi wamugwira tayi, sakumusiya. Bwana andionetsa ndodo yowongolera kawiri, akuti ndisakoke kwambiri, ndisakankhenso kwambiri. Ndafunsa kuti kwambiri ndi pati. Akuti ndikadziwira komweko.

Matabwa ayamba kuzungulira pamutu panga, fyuu, fyuu. Blackson wavula chipewa, chitsiru.

Galimoto yalira. Chingwe chikudzuka m'fumbi.

Alesi, tenga bukuli. Usawerenge za Lachinayi.