Chala cha Wofunsira Chisomo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ife kuno kutsidya kwa nyanja ku Girrawheen tilipo, mwendo uja wasiya kuwawa.

Lamlungu mwana wanga Chisomo anabwera ndi mnyamata womufunsira uja. Mnyamatayo akuti kuyunivesite amafufuza za bishopu wina wa ku Mangalande, womwalira kalekale, amene ankaphunzitsa kuti chilengedwe chonse chinayamba ndi kuwala. Anakweza tambula yamadzi pawindo, amvekere, "Amayi, taonani utawaleza, bishopuyo ankafotokoza zimenezi!" Ine utawaleza sindinauone. Ndinaona chala chake, chili ndi mzere woyererako pamalo pokhala mphete ya ukwati.

Chisomo sindinamuuze kanthu. Inu ankhoswe, musawalandire msanga abale ake. Muyambe mwafufuza kwawo ku Dedza ngati sanasiyeko mkazi. Kuwala amakutamandako kwandionetsa zina.

Mulungu akusungeni, atipatsenso maso.

Ndine mlongo wanu,
Nachisale