Zipolopolo Zopepuka za Bambo

Famu ya Witklip,
Outjo.
21 Julaye 2019

Okondedwa achimwene a Tertius,

Ndasankha kulemba chifukwa mukaimba foni Bambo amakhala pambali panga khutu lili tcheru, ndiye ndimangoti zonse zili bwino. Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga a Marlize ndi ana mukupeza bwino ku Perth kumeneko.

Kuno mvula sinabwerenso. Udzu unatha kalekale, ng'ombe zambiri tinagulitsa, ndipo zotsalazo zikulimbirana chakudya ndi ngoma zimene zimalumpha mpanda kuchokera kuphiri. Tinagwirizana kuti tiphepo zingapo, nyama ina tiwambe, ina tipereke kubutchala.

Nkhani ya mfuti inayambira pamenepo. Phewa la Bambo silinapole bwino chigwereni pamakwerero a thanki paja. Adokotala anawauza mosabisa kuti mfuti yawo yaikulu ya 9,3 ija aiiwale, chifukwa ikalira imagunda phewa kwambiri. Tikutuluka m'chipatala anangoti, "Kamnyamata kameneka kanagwirapo mfuti chibadwire?" Nditanena kuti tipemphe aneba athu a Gawie adzatiombere, anakana kwamtuwagalu.

M'mawa mwake ndinawapeza m'kachipinda kawo kopangira zipolopolo, akupukuta makoko amkuwa a zipolopolo aja.

"Mfuti ilibe mlandu," anatero. "Vuto ndi mutu wa chipolopolo, ukulemera. Tikaika wopepuka, wonga n'kuuyeza bwino, ngakhale abusa athu akhoza kuombera atavala mkanjo."

Anaitanitsa mitu yopepukayo ku Windhoek, ndipo kwa masabata angapo anali munthu wina, kudya bwino, kuimba mluzu. Ndinasangalala.

Koma achimwene, manja awo ayamba kunjenjemera. Wonga umatayikira patebulo, iwo n'kumausesa ndi chikhatho mwachangu kuti ndisaone. Tsiku lina ndikuwapititsira khofi ndinapeza zitini ziwiri za wonga zili zotsegula pamodzi, china cha mfuti yaikulu, china cha kamfuti kam'manja. Ndi Bambo omwewa amene anakukwapulani muli mwana chifukwa choika zitini ziwiri patebulo limodzi.

"Bambo, wonga mwathirawu ndi wa m'chitini chiti?"

"Ukufunsa ine? Ntchito iyi ndinaiyamba iwe usanamere ndi dzino lomwe."

"Ndamva, Bambo. Koma ndi wa m'chitini chiti?"

Anayang'ana ichi, n'kuyang'ana icho. Kenako anavula magalasi. Inu mukudziwa kuti wonga wa kamfuti kam'manja ukalowa mu 9,3, mfuti imaphulikira kumaso kwa mwini wake. Tinazula mitu yonse imene anali ataika, wonga n'kukautentha panja. Kuyambira pamenepo sikelo ndimagwira ine. Iwo amangokoka chogwirira cha makina ndi dzanja labwinolo, uku akundinena kuti ndimayeza ngati ndikugulitsa golide.

Zitatheka tinapita kumtsinje wouma uja kukaziyesa pa katoni. Zipolopolo zopepuka zimagwera pamwamba kusiyana ndi zakale, ndiye panafunika kukonzanso galasi lolunjikira la pamfuti. Bambo anati, "Taombera iwe, ine ndiziona pamene zikugwera." Tinabwerera kangapo, ndipo ulendo uliwonse woombera ndinali ine. Ndinkaganiza kuti akungosunga phewa kudikira tsiku lenileni.

Tsikulo linali Lachiwiri lapitali. Tinalawirira kukuzizira koopsa, ndipo pafupi ndi damu lakumpoto tinapeza ngoma yamphongo, yowonda nthiti zonse pamtunda. Bambo anatsamiritsa mfuti pachitseko cha galimoto n'kuyamba kulunjika. Ndinkaona kamwa la mfuti likungozungulira. Ngoma inatiyang'ana, inadya tsamba, inatiyang'ananso.

"Dzuwa landithobwa m'maso," ananong'ona. "Tenga."

Dzuwa linali kumsana kwathu, achimwene. Ndinatenga, ndinaomba kamodzi. Inathamanga pang'ono n'kugwa pansi pa mtengo waminga. Mfutiyo inangondikankha ngati munthu wokudzutsa kutulo. Bambo anati, "Wailasa kumbuyo pang'ono, koma yafa," ndipo anapotolokera kwina n'kuyamba kumina.

Masana ake ndikupukuta mfuti ndinaona kuti thako lake ladulidwa. Pansi pa labala la kuthako lija pakuoneka thabwa loyera, lodulidwa kumene. Ndinazindikira chifukwa chake imandikhala bwino paphewa masiku onsewa.

"Bambo, wadula mfuti ndani?"

"Chiswe."

"Chiswe chodula ndi sowo?"

"Chiswe cha masiku ano n'chophunzira." Kenako anati, "Tertius ali ndi mikono yaitali, akagule yake kwa anzake a ku Australia."

Ndikudziwa kuti mfuti imeneyi anakulonjezani inu, ndipo ndapepesa. Koma si chimene ndalembera. A Gawie atabwera kudzatithandiza kusenda, ndinamva Bambo akuwauza kuseri kwa shedi kuti, "Zapafamu pano uziyankhula ndi Ansie tsopano, mwini wake ndi ameneyo." A Gawie anadzandigwira chanza, maso ali ndi misozi. Ine ndinangoima, mpeni uli m'manja.

Sanandifunse, achimwene. Palibe amene wandifunsa. Ndinabwera kuno kudzakhala nawo miyezi yochepa Amayi atatisiya, ndipo zovala zanga zina zikadali m'masutikesi. Kusitolo ya mankhwala ya ku Swakopmund kumene ndinkagwira ntchito kuja anandiuza kuti malo anga awasunga mpaka kumapeto kwa Ogasiti basi, akatero alemba wina. Sindinawayankhe. Ndikafuna kuwauza Bambo, ndimawapeza atandalika makoko ena patebulo, akundidikira kuti ndidzayeze wonga, ndipo ndimangokhala pansi n'kugwira sikelo.

Ndatopa. Si ntchito yokha ayi, ngakhale kuti mapampu, mipanda ndi mankhwala awo zonse zili pa ine. Ndatopa ndi kuona ndekha zimene zikuwachitikira, kenako n'kumaseka nanu pafoni.

Chonde bwerani Ogasiti asanathe, ngakhale masabata awiri okha. Mudzakhale nawo m'kachipinda kaja, mudzaone manja awo ndi maso anu, kenako tikhale pansi atatu tikambirane ngati anthu akuluakulu. Mwina ndidzatsala ndithu. Ndikungofuna kuti ndikatsala, pakhale wina wodziwa zimene ndasiya. Mukamabwera muwagulire majuzi awiri aubweya, akale aja akuwakhuthukira.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana anu Liesl ndi Ruan muwapsompsone m'malo mwanga. A Gawie akuti moni. Bambo alowa pompano, afunsa kuti ndikulembera yani. Nditawauza aima kanthawi pakhomo, kenako akuti ndikuuzeni kuti musadandaule za kuno, iwo ali bwino kwabasi ndipo Lachiwiri anapha ngoma ndi chipolopolo chimodzi. Ndalemba monga anenera.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Ansie