Mwana Wabadwa, Bambo Ake Atengedwa

Lachiwiri, 3 Malichi 1959

Tsiku limodzi lasenza zinthu zitatu, mutu wanga ukuchita kuwawa. M'mawa achemwali anga a Aginesi achira kuchipatala cha mishoni ku Nguludi, mwana wamkazi. Amuna awo, alamu a Petulo, sanamuone. Apolisi anawakweza m'lole kusanache, monga agwirira anthu ena m'dziko lonse lero chifukwa chokana chitaganya. Amene analozera apolisiwo nyumba ndi anansi athu a Jailosi, omwe dzulo lomweli amakukuta mondokwa pakhonde pathu. Ameneyo ndidzamukhululukira ndili m'manda.

Azakhali andilamula kuti nditseke pakamwa. Akuti mayi wachikuta akamva zoopsa mkaka umauma, mwana n'kufota. "Sukulu yakoyo uisiye panja," anatero.

Masana belu la kutchalitchi linalira mwapang'onopang'ono, la maliro. Achemwali anandigwira dzanja. "Ndani, Lozina? Usandinamize." Ndinati ndi akatekisiti okalamba aja amene anatiphunzitsa mapemphero, ndipo zinali zoona. Anapumira m'mwamba. "Mulungu andikhululukire, ndimayesa alamu ako. Nanga akuchedwa kuti?" Ndinati njinga yaphulika tayala.

Azakhali akufuna mwanayu akhale Mavuto. Achemwali akana, akuti dzina adzatchula bambo ake mawa akafika. Andituma ndikawauze kuti asaiwale shuga ndi shawelo yoyera ija anagula ku Njuli.

Ndinavomera, ine wodana ndi mabodza. Koma tayala lomwelo silingaphulike masiku awiri, ndipo mawa akandiyang'ana m'maso sindikudziwa kuti ndidzati...