Matayala Aakulu a Kachule

Amayi anga, kaya kukucha bwanji kumene muliko?

Ife kuno tilipo, Alhamdulillah. Ndine Yusufu wanu, uja munkati manja ake sapuma, adzamasula ndi chitseko cha mzikiti chomwe. Ndakhala ndikufuna kukulemberani, koma ndimadikira kuti nkhani ya Amina ione kolowera, chifukwa inu nkhani ya theka simunkaifuna. Lero ndatseka galaja masana, ndakhala kuseri pa benchi, ndipo ndikuuzani zonse.

Ndiyambe ndi zing'onozing'ono. Mpunga wa m'munda mwanu ku Bua wachita bwino chaka chino, ngakhale mbalame zinatenga gawo lawo osapempha. Mdzukulu wanu Hawa wayamba sukulu, poti masiku ano pulayimale ndi yaulere. Ana achuluka zedi moti amaphunzirira pansi pa mtengo, koma dzina lake akulemba, ndipo walilemba kale pakhoma la nyumba ndi khala. Makhadi a chipani aja munkasunga m'chitini cha tiyi anatha ntchito, pamsika timangolowa. Zipani zilipo zambiri, ndipo aliyense wofuna voti amabwera ndi nsalu ndi lonjezo loti akonza msewu wopita kudooko. Nsalu tinalandira. Msewu ndi mchenga womwe uja.

Msewu umenewu mukuudziwa kuposa ine. Ndi uja unagwira pikapu tsiku lomwe tinkathamanga nanu kuchipatala, mpaka tinakutsitsani n'kukunyamulani pamachira kukafika patala. Sindibwereza za tsiku limenelo, mtima wanga sunazolowerebe.

Tsono Amina wanu, mwana wanu womaliza, anakwatiwa komweko kudooko, kumene Bua amathira m'nyanja. Mwamuna wake ndi a Saidi, msodzi uja ankakugulitsani mpasa n'kukuwonjezerani kamodzi kapamwamba. Ndi munthu wabwino mtima, wabwino mopitirira, mumva nokha. Mwana wawo woyamba anabadwira kunyumba ndipo sanalire. Amina atakhalanso woyembekezera, anamwino a kusikelo anamuuza mosabisa kuti asadzayerekeze kuchirira kunyumba, njira yake ndi yopapatiza, padzafunika madokotala. Anandiuza zimenezi akuseka, mukumudziwa Amina, koma ine tulo tinandithawa. Pakati pa mlongo wanga ndi chipatala panali mchenga uja.

Ndili ndi kagalimoto, Amayi. Musaseke. Ndi kakang'ono, ka zitseko ziwiri, kaja kobwera kuchokera ku Japani kogwiritsidwa kale ntchito. Ndinakapeza kali kakufa kwa mwini wake n'kukadzutsa ndekha. Patala kamathamanga ngati kaba kanthu, koma timatayala take tinali topyapyala, mumchenga tinkangolowa ngati mpeni. Nzeru inachokera kwa a Jafali, mdala uja anakhalitsa ku Joni amene amacheza pagalaja. Anati kumeneko anaona timagalimoto ta mpikisano tikuzungulira pabwalo, tating'ono ngati kangaka, koma matayala ake otambalala, otulukira kunja. "Tayala lalikulu limaponda malo aakulu, mwana wanga," anatero. "Ndipo ukafika pamchenga uziliphwetsako mpweya, lizikhala ngati phazi la ngamila." Ngamila sanaionepo, ndikudziwa, koma mfundo yake inali yoona.

Marimu otambalala ndi matayala ake ndinawapeza ku Lilongwe, kwa anthu ophwasula magalimoto. Kufika nawo kuno, kumanga, tayala likukhudza sipuling'i m'kati, osazungulira n'komwe. Apa m'pamene panafunika masipesa. Ndi zitsulo zozungulira ngati mbale yafulati, zoboola mabowo a mabawuti, zimene umaika kuseri kwa rimu kuti tayala lisunthire kunja. Kuno sagulitsa, ndiye ndinapita ku Dwangwa kwa munthu wa makina osema zitsulo, anandisemera anayi ofanana. Nditabwera ndinapezanso kuti mabawuti afupika, nati ikungogwira kunsonga. Mnzanga wina anati zilibe kanthu, mangani choncho. Ndinakumbuka inu mukusoka diresi ya Amina, mukumasula mzere wonse chifukwa cha malo amodzi okhota, mukunena kuti, "Wovalayo ndi mwana wanga, si wa kumsika." Ndinachotsa mabawuti onse n'kukhomera ataliatali a pikapu.

Kagalimoto katatsika pajeke anthu anafa nacho chiseko. Kanali katakhala chonyonyomala, miyendo kunja, ndipo pomwepo anakatcha Kachule. Dzinalo lakanirira mpaka lero.

Ndinakayesera pabwalo la ndege lakale lija. Apa ndisakunamizeni, ndinasangalala ngati mwana. Ndinaika zitini m'makona n'kuyamba kuzungulira, giya yachiwiri, yachitatu, fumbi koboo! Kale ndikakhota mothamanga kankapendekeka ngati bwato, koma tsopano kanangomata pansi. Anthu anathamangira poganiza kuti kwabwera msonkhano wa chipani, amayi ena anafunsa kuti nsalu zili kuti. Koma pakona iliyonse ndinkamva kukhula kumbuyo, ndipo nditaima ndinapeza mkombero wa madigadi ukudya tayala latsopano.

Pamenepa ndiye ndikupepeseni. Mkombero umenewo umafunika kuupindira m'kati pang'onopang'ono ndi chinthu chozungulira, cholimba, koma chosaswa chitsulo. Paipi inkang'amba penti. Ndinayang'anayang'ana pakhomo, maso anagwera pa munsi wanu uja wa mtengo wakuda. Ndinaulowetsa pakati pa tayala ndi madigadi, a Jafali akukankha galimoto kutsogolo ndi kumbuyo, munsi ukugudubuzika, mkombero ukupindika bwinobwino ngati mpendero wa nsalu. Amake Hawa anatipeza tili pa tayala lachitatu. Eee, Amayi, mpongozi wanu ali ndi pakamwa! "Munsi wa malemu! Inu mutu ukuyenda? Mawa mudzatenga mtondo kukathiramo oilo!" Ndinangoti mwini wake akanandibwereka, poti ndi za Amina. Kenako anati ndimalize msanga akufuna kusinja. Mpunga wa sabata imeneyo unkamveka kafungo ka mphira, koma tinadya.

Kuyambira pamenepo Kachule anayamba kupita kudooko Loweruka lililonse, kukatenga nsomba za amayi a pamsika ndi kukaona Amina. Ndikafika pothera tala ndimaima, n'kuphwetsa matayala onse mpaka atafutukuka m'mimba, ndiye n'kulowa mumchenga ndi giya yachiwiri osaima. Amadutsa ngati akuyandama. Pobwerera ndikafika patala ndimapopanso ndi pampu ya phazi imene imakhala kubuti. Tinagwirizana kuti mwezi ukaoneka ndidzamutenge Amina akakhale kuchidikiro ku chipatala, kudikira tsiku lake ali pafupi ndi madokotala.

Mwana sanadikire mwezi. Loweruka lina ndinafika m'mawa, ndinaimika galimoto pakhomo pa a Saidi n'kutsikira kunyanja kukasankha nsomba. Ndinachedwako, chifukwa asodzi anali asanakocheze onse. Ndili komweko ndinaona mayi awo a Saidi akubwera chothamanga, nsalu ili m'manja, akukuwa kuti matenda ayamba, nsupa yasweka. Ndinasiya nsomba pamchenga. Tinachotsa mpando wakutsogolo, tinayala mphasa ndi bulangete, Amina anagona mutu uli pamiyendo pa apongozi ake kumbuyo, a Saidi anadzipanikiza pambali. Ndinaona kuti galimoto ikuwala, wina waitsuka, koma maganizo anga sanali pamenepo.

Titangotuluka m'mudzi ndinamva kuti Kachule sakuyenda mwa masiku onse. Ankadumphadumpha, chiwongolero chikundimenya m'manja. Kufika pamchenga wakuya, pa migwalangwa paja, matayala anayamba kukumba, ndipo tinatitimira mpaka mimba ya galimoto inakhala pansi. Pamalo pomwe paja, Amayi. Ndinatsika, ndinamenya tayala ndi phazi, gwa! ngati mwala.

A Saidi anatulutsa mutu pawindo. "Matayala ndiye musadandaule nawo alamu," anatero. "Ndinaona onse aphwa, ndiye poti mumativutikira, ndinatsuka galimoto n'kupopa onse anayi. Thukuta lake si pano."

Amayi, mawu amene anafika pakamwa panga sindingawalembe kwa inu. Ndinawameza, chifukwa nthawi yomweyo Amina anabuula, n'kunena motsitsa kuti, "Achimwene, musandinyamule pamachira."

Ndinathyola timitengo, ndinapatsa a Saidi kamodzi, mayi awo kamodzi. Panali kudutsa mayi wina wosenza mtolo wa nkhuni, sindikumudziwa ndi dzina lomwe, anatula nkhuni n'kulandira kake. Ndinawaonetsa pobaya pa valavu. Tinagwada anthu anayi, aliyense ndi tayala lake, mpweya ukungoti fyiii, dzuwa likuswa mtengo, mchenga ukuwotcha maondo. Mpweya umachedwa kutuluka ukamaufulumiza! A Saidi ankalira mwakachetechete uku akubaya, akungoti, "Ndimayesa ndikuthandiza, ndimayesa ndikuthandiza." Matayala atafutukuka tinakumba ndi manja kutsogolo kwake n'kuyala makhwatha a mgwalangwa. Mayi wa nkhuni uja anasolola nkhuni zake zomwe n'kuziika pansi pa tayala. Mayi awo a Saidi atalowanso m'galimoto, ndinati Bismillah, ndinaika giya yachiwiri, ndinasiya kilachi pang'onopang'ono ngati ndikutula dzira. Kachule anagwedezeka, anakwera, n'kuyamba kuyenda. Sindinaime. A Saidi anachita kuthamangira n'kulowera pawindo.

Titafika patala ndinaima n'kutulutsa pampu, chifukwa tayala lophwa ukalithamangitsa patala limatentha n'kuphulika. Ndinati, "Alamu, popani." Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Ndipopenso?" Ndinati eya, pano ndiye pofunika mphamvu zanu zija. Amayi, sindinaonepo munthu akupopa choncho. Ngakhale Amina, ali m'kati mwa ululu, anaseka pang'ono n'kuti, "Bambo awa adzandipha ndi chikondi." Kuchokera pamenepo mpaka ku boma, zonse zimene ndinaphunzira pabwalo la ndege zinagwira ntchito. M'makona Kachule sanapendekeke, ndipo Amina sanagubuduke pamphasa.

Kuchipatala sanachedwe naye, anangomuyeza n'kumulowetsa ku opaleshoni. Ine ndi a Saidi tinakhala pakhonde, mchenga uli m'tsitsi. Ndinkangoyang'ana chitseko. Dzuwa litapendeka anamwino anatuluka n'kufunsa kuti bambo wa mwana ndi uti. A Saidi analephera kuimirira. Anamwino anaseka n'kuti, "Imirirani bambo, mayi ali bwino, ndipo mwana wanu akusokosera wodi yonse."

Ndi mwamuna, Amayi. Muli ndi mdzukulu wamwamuna, wamphumphu, wa tsitsi lambiri ngati Amina ali khanda. Atatilola kulowa, mayi awo a Saidi anapereka mwana kwa bambo wake kuti amuchitire adhana kukhutu, mawu aja oitanira kupemphero, monga mwa mwambo wathu. A Saidi anayamba, koma mawu anakana. Anatembenuka n'kundipatsa mwana. "Malume ake, chitani ndinu. Mwamubweretsa ndinu." Ndinati manja anga ali ndi girisi. Amina ali pabedi, maso ali otseka, anati, "Mugwireni choncho." Ndinamuyandikiza pakamwa panga n'kumunong'oneza dzina la Mulungu, ndipo analeka kulira n'kumamvetsera. Amene analira ndine. Ndinalira chifukwa cha chimwemwe, ndiponso chifukwa ndinafuna inu mukanakhala pampando uja pafupi ndi bedi.

Amina akuchira bwino, wayamba kuyenda ndi kulamula anthu. A Saidi aphunzira kuphwetsa matayala ndipo akuphunzitsa mudzi wonse, ngati nzeruyo anabadwa nayo. Amayi ena awiri oyembekezera a kudooko atumiza kale uthenga wondiuza miyezi yawo, ndipo ndawayankha kuti asaope.

Ndikulonjezani ichi, Amayi. Msewu uja aukonze kapena asaukonze, malinga ndili moyo ndipo Kachule akulira, palibe mayi wa kudooko amene adzatsalenso pa migwalangwa paja. Mulungu akuwalitsireni manda anu ndi kukupumitsani. Timakukondani, ndipo timakutchulani tsiku ndi tsiku.

Ndine mwana wanu,
Yusufu