Mendulo ya Hema ndi Msana wa Amayi Anga

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko?

Ndine Esinati, mwana wanu woyamba. Ife kuno ku Liwaladzi tilipo, Mulungu akutisunga. Mdzukulu wanu Lusiya wachira, kwabadwa mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu. Makutu ndi anu enieni, ndipo akamalira amakhala ngati akukalipira munthu. Mpunga chaka chino tapeza wochepa chifukwa nyanja inasefukira n'kumiza munda wa kumunsi uja, koma chinangwa chabereka, kondowole sitisowa. Mlongo wanga Yohane akadali ku mizimbe ku Dwangwa. Msana ukumuvuta, koma pakamwa pali bwinobwino.

Ndiye amene anabwera ndi nkhani yandikhazika pansi leroyi. Anafika Lamulungu lina miyezi yapitayo titangoweruka ku tchalitchi, foni ili m'manja, akufuula ali kumsewu: "Achemwali, bwerani mudzaone mwana wa amayi!" Ine ndinkayesa akunena iye mwini. Nditasuzumira pa foni ndinaona chinyumba chodzaza anthu, ndipo mtsogoleri wa dziko la India akuveka mendulo mayi wina wa imvi. Ndinamzindikira ndi kachipsera ka pachibwano. Anali Hema, mwana wa mmwenye wa sitolo ya pa boma uja, amene inu munamlera. Akuti dziko lawo limalemekeza anthu a mtundu wawo okhala kunja akachita zazikulu, ndipo Hema, poti ndi dokotala wa maso ku Mangalande, wapenyetsa anthu ambirimbiri.

Kenaka atolankhani anamufunsa kumene anaphunzira chifundo. Anayankha m'Chingerezi, koma pomaliza anatembenuka n'kulankhula Chichewa chathu chino: "Ine ndinakulira pamsana pa aNambewe a ku Liwaladzi. Amenewo ndiwo amayi anga." Anthu amene anaunjikana pa foni ya Yohane analulutira. Ena anandigwira chanza, amvekere, "Mwachita mwayi, dzina la mayi anu lamveka kutali." Ndinamwetulira monga munandiphunzitsira, kenaka ndinatenga khasu n'kupita kumunda, tsiku la Mulungu, n'kukangokhala pansi pa mtengo wa mango.

Amayi, msana umenewo unali wanga. Mukukumbukira pamene boma linalamula kuti amwenye achoke m'maboma apite m'mizinda ikuluikulu? Banja la Hema linasamukira ku Limbe, ndipo anakutengani chifukwa mwanayo sankadya chilichonse ngati simunamdyetse ndinu. Ife munatisiya kwa amayi aang'ono. Lole ija ndimaionabe mpaka lero: inu mwakhala pamwamba pa katundu, Hema ali kumbuyo m'chitenje chofiira, ine ndaima pafumbi nditagwira dzanja la Yohane. Munati, "Usalire, ndikupita kukakufunira ndiwo." Munkabwera pa Khirisimasi ndi madiresi amene akulu ake a Hema awakula. Anzanga ankandisirira, osadziwa kuti ine ndinkawanunkhiza kaye ndisanavale, kufuna fungo lanu. Ankangonunkhira adyo ndi zokometsera za kukhitchini kwa eni ake.

Munkakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sindikutsutsa. Koma mwambiwo sunena kuti wako weniweniyo azigona ndi ndani.

Nkhani sinathere pa foni. Mwezi wathawu Hema anabwera kuno ndi galimoto. Ndinali nditakonzeka kulandira munthu wodzikuza, wotsina mphuno, kuti mtima wanga upeze pogwira. Koma anatsika atavala chitenje, mfundo ili kumanzere monga munkamangira inu. Anagwada, nawomba m'manja, nati, "Achemwali, pepani ndi maliro. Ndinamva mochedwa." Palibe chimene analakwitsa, Amayi, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka koposa. Ngakhale kaseka kake, kobisa pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, ndi kanu. Ine ndinatenga mphuno yanu yokha, zina zonse zinapita ku Limbe.

Titapempha chilolezo kwa akuluakulu, ine ndi Yohane tinamuperekeza kumanda. Anagwa pa mtumbira wanu n'kulira mokweza ngati wakuno. Anatulutsa mendulo ija m'chikwama, naigoneka pa dothi, nati, "Amayi, ndabwera nayo. Ndi yanu." Ndiye anayamba kuimba kanyimbo kogonekera mwana, ka kambalame kotola mpunga pa mphasa. Atafika pakati anandiyang'ana kuti ndimuthandize. Ine ndinangoyang'ana mtumbira.

"Achemwali, mwaiwala?" anandifunsa.

"Sindinaiwale," ndinatero. "Sindinaimvepo."

Pobwerera Hema anandigwira mkono nati, "Mukudziwa, amayi akamandidyetsa phala ankaphonya n'kunditchula Esinati. Ndinkakwiya, ndinkati Esinati ameneyu ndi ndani wondilanda amayi anga?" Yohane anapukuta misozi, akuganiza kuti mlandu watha. Ine ndinayankha kuti, "Dzina linali langa, koma phalalo munadya ndinu." Yohane ananditsina, koma mawu anali atatuluka kale. Hema sanakwiye. Anangoti, "N'zoona."

Kunyumba anapempha kuti akumangireni chiliza cha mwala wonyezimira wochokera ku Blantyre, cholembedwa m'zilankhulo ziwiri. Yohane anavomera mawu asanathe. Ine ndinakana. Ndinati njerwa ndaumba kale, zili kuseri kwa khola, zikungodikira kuotcha. Anakutengani muli moyo, asakutengeninso muli m'manda. Yohane wakwiya nane, akuti ndikumana amayi ulemu chifukwa cha nsanje. Mwina akunena zoona. Inu munkati nsanje imayamba yadya mwini wake isanafike kwa mnzake, ndipo ndikuimva ikundidya. Ndikaona chithunzi cha Hema ndi mendulo pakhosi ndimadzifunsa kuti, kodi mukanakhala pakhomo, n'kumandidzutsa m'mawa kupita ku sukulu monga munkamudzutsira iye, bwenzi nditasiyira Sitandade 5? Mutu ndinali nawo, aphunzitsi ankanena. Dziko lake lamufunafuna kutsidya kwa nyanja zamchere mpaka lamupeza n'kumuthokoza. Inu amene munapereka msana, ndi ife amene tinapereka mayi, atifunafuna ndani?

Chinthu china sindinauze munthu. Potsanzikana Hema anandiyang'anitsitsa, kenaka anandigwira chibwano n'kunditembenuzira ku dzuwa, osapempha n'komwe, monga munkachitira inu pofuna kuona ngati tasukusula. Anati, "Diso lakumanzereli lili ndi ng'ala. Layamba liti?" Ndinali ndikubisa, ngakhale ana anga sadziwa kuti ulusi pa singano ndimalowetsa mongopapasa. Akuti mvula ikatha abweranso ndi madokotala anzake ku chipatala cha pa boma, ndipo akufuna adzandichotse yekha. Ndinamuuza kuti ndiganiza kaye. Anaseka, dzanja pakamwa, nati, "Makani awa ndikuwadziwa. Ndinakula nawo."

Ndaganiza, Amayi. Ndipita. Sindikupita chifukwa cha mendulo, kapena kuti mtima wanga wayera, ayi, sunayere. Ndikupita chifukwa manja amenewo munawasambitsa ndinu, ndipo pa zimene munaikamo ndili nalo gawo langa. Ndikatenga chimene chili changa.

Chiliza ndimanga ndekha ndi njerwa zanga, dzinja likangotha. Chidzakhala chaching'ono, mwina chokhota pang'ono, koma dzina lanu ndidzalemba ndi chala changa simenti isanaume. Hema ndamulola kubzala maluwa kumiyendo. Yohane akuti ndine wouma mtima, inu ndinu mudziwe.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndikulemba mtima uli thithithi. Ndikulonjeza kuti Hema akabweranso ndidzamuphera nkhuku, ndipo sindidzamuyankhanso mwano. Koma tikadzakumana kumeneko tonse atatu, iye adzayambe wadikira panja. Kanyimbo ka kambalame kaja mudzandiimbire ine kaye, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Ndine mwana wanu wobereka nokha,
Esinati